Mtengo Umene Ndinkauletsa Kubereka

Kwathu ku Nkhunga mango sankabzalidwa. Ankamera okha pamene munthu wataya njere, ndipo akuluakulu ankati ndi bwino choncho, pakuti wobzala mango ndi manja ake amamwalira chaka chimene mtengowo wabereka koyamba. Mawuwa ndinawamva kuchitsime ndili mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, kwa amayi awiri amene sankadziwa kuti ndikumvetsera. Anthu ankaiwala kawirikawiri kuti ndilipo. Makolo anga onse anali atatsogola, ndipo ndinatsala ndi agogo, mayi awo a bambo anga, amene anabwera kuchokera kumpoto ali mtsikana nakhazikika pa ntchito yoyanika usipa ndi kulima mpunga.

Munthu mmodzi m'mudzimo sankaopa kubzala. Tonse tinkangowatchula kuti Atcheya. Anali Msilamu wamfupi, wa kofiya yoyera ndi njinga yolira ngati nkhanga. Ndiwo anali wapampando wa nthambi ya chipani, wa komiti ya sukulu, ndi wa chilichonse chofuna njerwa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali malalanje, manachesi, magwafa, mapapaya ndi mango omezanitsa. Ankadula kanthambi ka boloma, n'kukalowetsa pa kamtengo ka mango wamba, n'kumanga ndi luzi la nthochi, pamwamba n'kumata phula. Pamsonkhano ankayamba ndi makhadi a chipani poti ankayenera kutero, koma posakhalitsa nkhani inkakhala itasanduka ya manyowa.

"Atcheya, za makhadi zatha?" wina ankafunsa.

"Gulani, gulani. Tsono dzenjelo likhale lofika m'bondo."

Chaka chimene mudzi unamaliza kumanga chipinda chachiwiri cha sukulu, Atcheya anapereka kamtengo ka mango kubanja lililonse limene linaumba nawo njerwa. Ambiri analandira ndi manja awiri, kenako n'kukasiya poti mbuzi zikaone. Agogo anakumba dzenje kuseri kwa khitchini, nabzala okha. Mayi wina woyandikana nafe atawachenjeza, iwo anayankha manja ali m'dothi: "Ine ndaika m'manda mwana ndi mpongozi. Ndiope kamtengo?"

Iwo sanaope, koma ine ndinaopa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mango amatenga zaka zambiri asanabereke. Sindinadziwe kuti omezanitsa sachedwa. Chaka chachiwiri chokha, m'nyengo ya mwera, kamtengo kongondilekeza pachifuwa kanatulutsa maluwa.

Sindinauze munthu. Agogo akangopita kugombe kukatembenuza usipa pathandala, ine ndinkathyola maluwa onse ndi zikhadabo, n'kuwakulunga m'nsalu, n'kukawakwirira kudzala. Madzulo agogo ankaima pamtengopo n'kumatukwana mwera m'Chitonga. Chaka chotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, ndipo mwera unatukwanidwanso. Madzi ndinkauthirira mtengowo, mbuzi ndinkazithamangitsa, chifukwa ukanauma agogo akanadandaula. Ndinkangofuna ukhale ndi moyo wosabereka.

Chaka chachitatu cha maluwa, mtengo unali utandipitirira msinkhu, moti ndinayamba kukwera pa mtondo. Tsiku lina masana, ndili pamtondopo, nsalu itadzaza, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Anali Atcheya. Njinga anali ataisiya patali kuti isawaulule.

"Mwera wa pano ndi waukhondo," iwo anatero. "Kwina konse umasiya maluwa pansi. Pano ukuthyola, ukusesa, ukukataya. Ndinati ndidzauone ndi maso. Kodi mwera umavala diresi?"

Ndinatsika. Atcheya anakhala pamtondo paja n'kundidikira. Ine sindinali wolankhulalankhula, koma iwo anali munthu wozolowera kudikira mitengo. Pamapeto pake ndinanena chapansipansi kuti ukabereka, agogo amwalira.

Sanaseke nthawi yomweyo. Anavula kofiya, kuiyang'ana m'kati, kuivalanso.

"Mdzukulu wanga, kumunda kwanga unafikako? Mitengo ya mango ija ndinabzala ndi manja awa, ndipo yonse ikubereka. Ndamwalira kangati?"

"Koma inu ndinu Atcheya," ndinatero.

Apa ndiye anaseka mpaka misozi. "Ukuganiza kuti imfa nayo imaopa khadi?"

Agogo anatipeza tili choncho, dengu la usipa lili pamutu. Ataona nsalu ya maluwa, anatula dengu mwakachetechete. Atcheya anawafotokozera zonse. Ndinayembekeza kamtengo ka m'matako, koma agogo anangondikokera pamimba pawo, pa chitenje chonunkha nsomba.

"Kachitsiru kanga," anatero. "Zaka ziwiri ndikulalatira mphepo yosalakwa."

"Musakakalipire, mayi," anatero Atcheya. "Mtengo womezanitsa umafunika kuuthyola maluwa zaka zoyamba kuti thunthu likhwime. Ndimauza anthu pamsonkhano uliwonse, palibe amene amamva. Taonani thunthu ili! Mlimi wanga weniweni m'mudzi muno ndi mmodzi, ndipo wakhoza chifukwa cha mantha."

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati mango omera panjere amachedwa kwambiri, ndiye nkhalamba ikabzala, nthawi zina imapita isanalawe, anthu n'kumati mtengo ndiwo wapha. "Koma chaka chino usiye. Maluwa amene atsala m'mwambawo ndi a agogo ako. Tamvana?"

Ndinavomera, koma mtima sunavomere. Timango titayamba kuoneka ngati nsawawa, ndinayamba kuwalondalonda agogo. Akatsokomola ndinkathamangira madzi. Akatenga khasu ndinkawalanda. Akagona pang'ono pamkeka masana, ndinkakhala pafupi n'kumayang'ana ngati chitenje chikukwera ndi kutsika, mpaka tsiku lina anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Ndilipo, amayi. Pitani mukasewere."

Mango anapsa mvula yoyamba itagwa. Anali aakulu, olemera, nthambi zina tinachita kuzichirikiza ndi mphanda. Agogo anaitana Atcheya, ndipo uja woyandikana nafe anabwera yekha wosaitanidwa, n'kuima chapatali ngati wodikira maliro. Agogo anasankha bango lalikulu koposa, kulisenda ndi mano awo otsala, n'kuluma. Madzi ake anayenderera mpaka m'chigongono. Anadya lachiwiri, lachitatu. Ine ndinagwira langa m'manja osaluma, maso ali pakhosi pawo.

"Idya, iwe," anatero. "Ngati ndikupita, ndipite nditakhuta, koma lachinayi ndi lako lomwelo ukachedwa."

Ndinaluma. Linali lopanda ulusi, lozizira, lotsekemera mpaka m'makutu.

Ndinapitiriza kuwerenga masiku mpaka bango lomaliza linagwa, mpunga unakhwima, mwera unabweranso. Agogo sanadwale ngakhale chimfine. M'mawa wina anandidzutsa molalata kuti ndagonereza, akufuna tipite kwa Atcheya dzuwa lisanatenthe. Kumeneko tinapeza mzere wa amayi, woyandikana nafe uja ali patsogolo, aliyense akupempha kamtengo. Agogo anadutsa mzere wonse ngati mwini munda.

"Ine ndipatseni mitengo itatu," anatero. "Mdzukulu wangayu akumba maenje, ine ndibzala."