Kaseti Yosafika Kumapeto

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'zaka za m'ma 1990, pamene pakamwa panga panapasula nyumba ya anthu awiri omwe ndinkawakonda kwambiri.

Loweruka lililonse amayi akamapita kuntchito ankandisiya kwa mng'ono wawo, Anti Esnati, ku Edmonton, dera la mumzinda wa London. Anti ankakhala pamwamba pa shopu yochapira zovala ndi mnzawo wa ku Chipata, Anti Beti. Onse awiri anali manesi pachipatala chachikulu cha m'deralo. Nyumbayo inkangonunkhira sopo wa pansi ndi anyezi wokazinga, ndipo chipinda chogona chinali chimodzi. Abale ankati nanga renti ya ku London munthu angaithe yekha? Nkhani inkathera pomwepo.

Masana tikatha kudya, ankatseka makatani n'kuika kaseti ya filimu. Ankakaibwereka kutali, kokwera mabasi awiri, kuopa kukumana ndi anthu a kutchalitchi. Mafilimu ake anali a akazi okondana ndi akazi anzawo. Anali ochepa, ndipo kunena zoona ambiri anali oipa: zithunzi zamdima, mawu ngati akulankhulira m'ndowa, akazi ake azungu okhaokha. Anti Beti ankawanyoza mokweza.

"Ona uyu, amugwira kwanja monga amupima BP!"

Ankanyoza choncho, koma maso osaphethira. Pakafika posayenera mwana, ankandituma kukatereka ketulo.

Chomwe chinkandipsetsa mtima n'chakuti sankamaliza filimu. Akazi aja akangofika posangalala, kaya akuvina, kaya akutsuka mbale uku akuseka, Anti Esnati ankadzuka, kuzimitsa, n'kubweza kaseti poyambira.

"Yatha," ankatero.

"But Anti, tepi yatsala yambiri."

"Iwe, manje bazamupaya umodzi," ankayankha Anti Beti m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti mmodzi aphedwa. "Olo azafunta, olo azakwatiliwa ku mwamuna. Sitifuna kuona ise."

Ine ndinali mwana wamakani. Tsiku lina atatsika kukachapa, ndinaithamangitsa kaseti ija mpaka kumapeto. Anti Beti sananame. Mkazi mmodzi anamira m'mtsinje, winayo anaima paukwati ndi bambo wandevu, nkhope ili gwa. Ndinalira kwambiri, osadziwa chenicheni chondiliza.

M'basi pobwerera kwathu amayi anandifunsa chomwe chafiiritsa maso anga. Ndinawafotokozera zonse, ndikuganiza kuti ndikudandaula za filimu.

"Bwanji amawapha nthawi zonse? Chonsecho Anti Esnati ndi Anti Beti ali bwinobwino."

Amayi anagwiritsitsa chikwama chawo pamiyendo. Titadutsa masiteji awiri anafunsa motsitsa mawu, "Amagona bedi limodzi?"

"Eya," ndinatero.

Madzi akatayika saoleka. Sabata yomweyo foni inapita kumudzi. Amalume anabwera kuchokera ku Ilford ali ndi abusa, ndipo ine anandiletsa kupondanso ku Edmonton. Pasanathe miyezi itatu Anti Beti anasamukira mzinda wina, osatsanzika. Chaka chotsatira Anti Esnati anakwatiwa ndi mkulu wa mpingo yemwe mkazi wake anamwalira. Wonyamula maluwa ndinali ine.

M'mawa wa ukwatiwo Anti Esnati anagwada kundimangira lamba wa diresi. Nkhope yawo ndinaizindikira, inali ya mkazi wa m'filimu uja. Ndinkafuna andikalipire, andimenye kumene. Iwo anangosalaza kolala yanga.

"Ndinakuuza kuti yatha, mwana wanga. Unafuniranji kuona kumapeto?"

Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero.

Masiku ano mafilimu oterewa achuluka, ndipo ena ndi abwino ndithu. Zithunzi zimawala, muli akazi akuda ngati ife, ndipo ambiri amatha anthu ali moyo. Anti Esnati tsopano ndi wamasiye, miyendo imawavuta. Za Anti Beti sanazitchulenso, ndipo ine ndilibe mtima wofunsa. Mwezi watha ndinawayendera, ndinawaikira imodzi yomwe ndinaisankha mosamala. Tinayamba kuionera. Akazi aja atayamba kuseka m'khitchini, anatambasula dzanja, n'kuzimitsa.

"Iyi sapha munthu, Anti. Imatha bwino."

"Ndiye kuti ndi yabodza," anatero, n'kundipempha tiyi.

Ndili mwana ndinkaona ngati ankazimitsa chifukwa chodana ndi mafilimu oipa. Pano ndikumvetsa kuti ankadziwa kale mathero a nkhani yawo, ndipo ankangofuna kuti Loweruka masana litalikeko pang'ono. Ine ndi amene ndinaithamangitsa. Tsiku lomwe ndinawayendera lija sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndakhala ndi mnzanga wamkazi m'nyumba imodzi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amayi amadziwa kuti timangothandizana renti.