Batire Lakufa Linadzuka ku Ndamera

Inalira, ana anga, foni inalira! Mawu a mwana wanga Malita, ali kutsidya ku Nyachikadza: "Amayi, tili moyo, ndi khanda lomwe." Ndinavina matope ali m'miyendo.

Koma foniyo inali itafa. Chaka chimenecho madzi a Shire anatithamangitsira kumtunda ku Ndamera, Malita n'kutsala kutsidya, masiku ake ochira atayandikira. Mafoni a anzathu anapita ndi madzi. Yanga yokha inapulumukira mu mpango kumutu, koma batire linagona nthawi yaitali lopanda moto, mpaka chaja n'kulikana.

A Zuze, otchajitsa mafoni pa sola, anali ndi lina lonyezimira la pamsika, nalonso lakufa. "Awa timangowadzidzimutsa, agogo," anatero, n'kuligunditsa mawaya a batire lalikulu. Linatentha, linatupa ngati chule, tinaliponya kutali. Atatambasula dzanja kuti atenge langa, lija lobwera ndi foni, ndinawagwira pamkono.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana, chaka cha njala, tikudya nyika, timizu ta m'dambo. Atate anabwera kuchokera kosaka chakudya n'kugwa pakhomo, milomo itauma. Ine liwiro ndi mbale yodzaza nyika. Amayi anandimenya padzanja, mbale pansi. "Ufuna kuwapha? Wofooka chonchi timamuyamba ndi madzi a phala, kasupuni kasupuni." Ndinalira, ndinati amayi ndi ouma mtima. Atate anadzuka.

"A Zuze, limwetseni pang'onopang'ono."

"Batire si munthu, agogo!"

"Likatupa, mukuwa ndi pakamwa mpaka kutsidya?"

Anaseka, nalipana m'kachaja kakang'ono kopereka moto wochepa. Kanyali kake zii. Dzuwa likupendeka, sola ikufooka, kanyali zii. Ndinkalikhudza batirelo ndi chala: silikutentha, silikutupa. Kenaka kanyali phethi, phethi!

"Obwera ndi foniwa amadzukadi," anatero a Zuze. "Onyezimirawa ndi okongola maso basi."

Lero ndazindikira kuti amayi sanali ouma mtima. Anali ndi mantha, omwewo amene ndinagwira nawo mkono wa a Zuze.

Takhuta, Mulungu, zikomo, takhuta! Foni italira, anabwera kudzavina nane a Zuze, mayi Nyamazawo, a Fatima ndi mapasa awo, a Tchale opalasa bwato, a Joaki a kwaya, ndi mkamwini wanga a Semba, bambo a khandalo, amene madzi anawatsekera tsidya lino. A Semba sanavine, anangokhala pansi n'kulira.