Nsalu Yotsala M'chiuno mwa Buluku

Bambo anga ndi telala, ndipo pa zaka makumi anayi zimene akhala akupalasa makina ali ndi lamulo limodzi: akamachepetsa chovala sadula nsalu yotsala. Amaipinda n'kuisokera m'kati. Kasitomala akadandaula kuti ikumukanda, amangomuyankha kuti, "Mudzanenepa, mudzabwera, tidzamasula." Ine ndinakula ndikuvala madiresi otumphuka m'mbali chifukwa cha lamulo limeneli, anzanga kusukulu n'kumandiseka.

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Mankhwala oyamba, othothola tsitsi aja, sanathandize. Adokotala anawaika pa ena a dilipi, milungu itatu iliyonse, odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizimenyana chokha ndi khansayo. Atalandira kanayi anawajambula, chotupa n'kupezeka kuti chachepa. Tsiku limenelo bambo anatsikira kushopu n'kumaliza suti yonse akuimba mluzu.

Koma anamwino anali atatichenjeza tsiku loyamba lomwe. "Chitetezo chikadzuka nthawi zina sichisankha," anatero. "Chimagwira khungu, mfundo za mafupa, ngakhale matumbo. Mukayamba kutsekula m'mimba musadikire tsiku lanu, tiimbireni." Anatipatsa kakhadi ka nambala ya foni. Bambo anakaponya m'chitini cha mabatani.

Poyamba kunali zidzolo pamsana ndi m'mikono, zoyabwa moti ankadzikanda ndi lula yoyezera nsalu. Zimenezo ananena, anawapatsa mafuta odzola. Koma pabenchi yodikirira ankakhala ndi mnzawo wina, dalaivala wa basi, wodwala nthenda yomweyo. Dalaivalayo atauza anamwino kuti akutsekula m'mimba, dilipi anamuimitsa, ndipo pabenchipo sanaonekenso. Kaya anamusamutsira tsiku lina, kaya chiyani, palibe akudziwa. Bambo anangoti, "Ameneuja wadziwonongera yekha ndi pakamwa."

Ine mawu amenewo ndinawamva, koma sindinawaike kumutu. Ndimadziimba mlandu mpaka lero.

Woyamba kundinong'oneza anali ometa tsitsi a pakhomo loyandikana ndi shopu. "Achemwali, madala masiku ano sakhalitsa pamakina. Pang'ono pokha athamangira kuseri." Nditafunsa kunyumba bambo anandikalipira. "Ndili bwinobwino ine. Ukufuna undidwalitse ndiwe?" Jekete sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Nkhope yokha ndiyo inkalowa, maso n'kumaoneka aakulu, koma buluku linkawakhala bwino m'chiuno, ndiye ndinkadzitonthoza kuti mwina ndi mantha anga chabe.

Loweruka m'mawa ndikusita zovala zawo, ndinatembenuza buluku lawo lotuwa kuti ndisite matumba. Mayo ine! Kumbuyo m'chiuno munali mizere itatu ya ulusi watsopano, wina pambali pa unzake, ndipo nsalu yopindidwa inali yokwana zala zanga zinayi. Ndinatembenuza lakuda, chimodzimodzi. Munthu wachepetsa mabuluku ake katatu pa milungu yowerengeka, ine ndikudya naye patebulo limodzi!

Simbi ndinaisiya pomwepo. Ndinawapeza kushopu atatsamira makina, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pamimba.

"Ababa, kangati pa tsiku?"

"Iwe, mwana wamkazi safunsa bambo ake zimenezo."

Ndinayala bulukulo patebulo lodulira, m'kati muli kunja. Anayang'ana msoko wawo womwe, ndipo mkangano unathera pomwepo.

"Kasanu ndi katatu," anatero motsitsa mawu. "Dzulo munali magazi."

"Nanga pa sikelo kuchipatala munadutsa bwanji?"

"Ndinaika sizasi yaikulu ndi makiyi m'jekete."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuwagwedeza. Iwo anandigwira mkono. "Mwana wanga, usakanene. Kwatsala masiku asanu kuti ndilandire ina. Mankhwala okhawa ndi amene andimvera. Akandichotsa ndipita kuti?"

Ndinakhuthula chitini cha mabatani pansi, mabatani n'kumwazika shopu yonse, mpaka ndinakapeza kakhadi kaja. Ndikuimba foni bambo anatembenukira kukhoma. Sanandilankhule njira yonse yopita kuchipatala.

Adokotala, mayi wamfupi wosazungulira polankhula, anati matumbo atupa kwambiri, ndipo tikanachedwa masiku ena akanatha kubooka. Anawagoneka n'kuyamba kuwapatsa mankhwala oziziritsa chitetezo chomwe chija tinkachiombera m'manja.

"Nanga dilipi yanga?" anafunsa bambo.

"Taimitsa kaye. Mukanabwera sabata yoyamba mwina tikanangodumphitsa kamodzi. Pano tidikira matumbo apole, tikujambuleninso, kenaka tione. Sindikulonjezani kanthu."

Kuyambira pamenepo akangotsokomola ine ndimasiya zimene ndikuchita n'kumvetsera. Ndimadzifunsa ngati chotupa chija chayambanso kukula, ndiponso ngati si ine amene ndawalanda mankhwala awo. Ndikudziwa kuti ndinachita bwino, koma kudziwako sikuchotsa mantha.

Tsiku lachinayi m'chipatala kutsekula kunachepa, ndipo anandilankhula koyamba. "Mawa undibweretsere buluku lotuwa lija, singano, ulusi ndi sizasi."

"Sizasi ya chiyani?"

"Ndichepetsenso. Ndipo nsalu yachuluka m'katimo, ikundikanda. Ndingoidula."

Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo.

M'mawa mwake ndinaika buluku, singano ndi ulusi pabedi. Anafufuza m'jumbo, n'kuigwedeza.

"Sizasi?"

"Ndaiwala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Amadziwa kuti mwana wawo saiwala zinthu.

"Ikundikanda, ndakuuza."

"Ipindeni," ndinatero. "Mudzanenepa, tidzamasula."

Anatenga singano n'kuikwezera kuwindo, koma ulusi unkangophonya. Kachitatu anandipatsira ine kuti ndilowetse. Kenaka anapinda nsalu ija bwinobwino, zala zinayi ndi chimodzi chowonjezera, n'kuyamba kusoka mzere wachinayi.

Kujambula kuli pakatha milungu itatu. Sizasi ili m'chikwama changa, ndipo ndimayenda nayo kulikonse.