Azakhali ndi mapasa a m'makina

Ndiye ndimakuuza za azakhali oyandikana nafe nyumba aja, amene amajambula amayi oyembekezera kuchipatala. Iiii, munthu wake ndi nthabwala zokhazokha! Aliyense akagona pabedi lawo amamuuza kuti, "Makina angawa alibe maso, ali ndi makutu. Amakuwa m'mimbamo n'kumvetsera mawu akamabwerera." Mafuta ozizira amene amapaka pamimba aja amati ndi othamangitsira mpweya, poti mawuwo sadutsa pampweya. Fupa amalinena kuti ndi laumbombo: limabweza mawu onse, kuseri kwake n'kungotsala mthunzi.

Tsono dzana alamu anga anapita kukajambulitsa, achimwene ali pambali. Pakanema panaoneka timitu tiwiri! Achimwene thukuta kamukamu.

"Mapasa? Azakhali, ife chipinda n'chimodzitu!"

"Dekhani bambo," anatero azakhali akuseka. "Taonani, uyu akagwedeza mutu, winayu akugwedezanso nthawi yomweyo. Mapasa ake ati omvana chonchi?"

Anangopendeketsa kachipangizo kojambulira kamene amayendetsa pamimbapo, wachiwiri uja zii, wasowa. Akuti mawu ena anagunda pamalo osalala kuseri kwa chiberekero n'kunjanja ngati kuwala pagalasi. Mawuwo atachedwa kubwerera, makina anayesa kuti chapatali kuli mwana wina.

Achimwene anapumira m'mwamba, kenako n'kufunsa motsitsa mawu, "Ndiye winayo wapitiratu?" Kani anali atamupezera kale dzina!

"Mudzabwerenso zaka ziwiri zikatha, tidzamufunefune," anayankha azakhali.

Iwe, mawa madzulo ubwere tikakhale pakhonde pawo, ukadzimvere wekha.