Chigamba cha Kumsana

Anzanga, Horia ndinakumana naye kwathu ku Cluj, Loweruka masana, m'chipinda chapansi cha bala ina. Bandi yake inkaimbira mipando, anthufe tinali owerengeka.

Mnyamata wowonda ngati msomali, tsitsi mpaka m'chiuno. Koma atagwira maiki n'kubangula, mawu ake anadzaza chipinda chonse.

Atatsika pasiteji anandizungulira n'kuyang'ana jekete yanga. Ife okonda nyimbo zaphokoso za heavy metal aliyense amakhala ndi jekete ya jinzi yodula manja, yosokedwa zigamba za mabandi amene amawakonda. Jekete imeneyi sitichapa, ndiponso sitibwereketsa. Chigamba chachikulu cha kumsana chimakhala cha bandi imodzi yokha, ya pamtima. Kumsana kwanga kunalibe kanthu.

"Achemwali, kumsanaku mwasungira ndani?" anandifunsa.

"Odziwa kuimba. Inuyo simunafikepo."

Anaseka mpaka kutsamwa mowa. Basi, chibwenzi chinayambira pomwepo.

Jekete yakeyo inali yochititsa manyazi. Munthu wamkulu kumata zigamba ndi guluu! Ndinazimatula zonse n'kuzisoka ndi ulusi wotsukira mano, uja wosaduka, mopingasa ngati timitanda, kasokedwe kanga ndekha. Singano inandibaya, magazi n'kudontha pakolala, iye anakana kuti ndipukute.

"Ilinca, ukadzaona munthu wina atavala jekete iyi, udzadziwe kuti ndafa," anandiuza.

Ndinamukhulupirira. Ndinajambula ndekha chigamba cha bandi yawo, Corb de Sare, n'kuchisoka kumsana kwanga. Anthu ankandifunsa kuti ndi bandi ya kuti imeneyo, ine n'kumawauza kuti adikire, aidziwa posachedwa.

Ndipo anaidziwadi. Tinayamba ndi kaminibasi kotha, kokankha m'mawa uliwonse: Sibiu, Brașov, kenako Bucharest. Ine ndinkagulitsa masikipa patebulo, kumuphikira tiyi wa uchi kuti mmero usasase, kumupesa tsitsi lija. Nyimbo zawo zinayamba kumveka pawailesi, aku Germany n'kuwaitana. Maulendo akuluakuluwo ndinasiya kupita nawo, akuti m'basi munalibe malo. Sindinadandaule, ndinkanyadira ngati ndikuimba ndine.

Kenako kunabwera chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha mu Ogasiti, mwezi wotentha kwathu, pafupi ndi Brașov. Anthu kuchita kudzaza chigwa chonse, onse kukuwa dzina lake. Horia anatulukira pasiteji wopanda jekete. M'mawa anali atandiuza kuti kwatentha kwambiri, ndiye sindinaganize zambiri.

Atamaliza kuimba ndinapita kukagula soseji zowotcha. Pamzere, kutsogolo kwanga kunali mtsikana wa tsitsi lofiira, atavala jekete yomukulira...

Anzanga, timitanda tanga ndimatidziwa. Kadontho ka pakolala kanali pomwe paja.

Ndinamufunsa mwaulemu komwe anaipeza. Iye anamwetulira, wosadziwa kanthu, n'kunena kuti ndi ya chibwenzi chake, woimba uja, ndipo anamuveka yekha ku Bucharest.

Mtima unandipweteka, sindinama. Koma sindinalire, ndipo mtsikanayo sindinamukhudze. Ndinabwereka mpeni kwa bambo wowotcha soseji n'kulunjika kuseri kwa siteji.

Horia atandiona anatambasula manja. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzapepesa maliro, poti jekete yake ndaiona ikuyenda ndi munthu wina.

"Wokondedwa, usapse mtima. Mtsikana ujatu amamva kuzizira."

"Mu Ogasiti, Horia? Dzuwa lonseli?"

Anayang'ana anzake a m'bandi kuti amuthandize, onse maso pansi. Ndinavula jekete yanga, kuiyala pabokosi la gitala, n'kudula ulusi pang'onopang'ono mpaka chigamba cha Corb de Sare chinachoka. Ndinamupatsa m'manja n'kumuuza kuti akamate ndi guluu.

Lero bandi yawo ili pamwamba, ndipo kuimba amatha, zimenezo sindikana. Jekete yanga ndimavalabe. Kumsana kwatsala malo a buluu wakuda amene dzuwa silinawasulutse, ndipo anyamata amandifunsa kuti ndasungira ndani.

Ndimawayankha kuti ayambe andionetsa amene wavala jekete zawo.