Kaloko Kamene Achimwene Ankasamala

Achimwene ndiwo ankasamala seva, makina osunga tsamba lathu la pa intaneti, pomwe malo odyera a mu Tete ankaitanitsira mbatata zathu. Miyezi itatu iliyonse ankakonzanso setifikadu, chiphaso chotchinga akuba kuti asaone zimene makasitomala akulemba. Ankachita okha, osauza munthu.

Atamwalira, tinakagawa katundu wawo kumudzi ku Angónia, monga mwa mwambo. Kompyuta inagwera amalume, iwo nkuifufutitsa yonse. Mawu achinsinsi a seva anali momwemo.

M'mawa wina, setifikadu itatha ntchito, kaloko kosonyeza chitetezo patsamba kanasowa, panabwera chenjezo lakuti tsambali si lotetezeka. Ndinapsa mtima, mwachizolowezi ndinaimba foni kuti ndiwakalipire achimwene. Inaitana kawiri. Anayankha ndi akazi awo.

"Alamu, mukufuna ndani?"