Makampu Awili pa Famu ya a Daka

A Whiteson Daka ankadziwika ndi nthochi. Aliyense amene anagulapo phava la nthochi pa zenela la basi pakati pa Nyimba ndi Petauke, mwina anadyapo za m'dimba mwawo osadziwa. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, wosavula chipewa cha mlaza chaka chonse, ndipo kutchalitchi ankakhala kutsogolo. Famu imene ankakhalapo inali ya malemu atate awo, yoyang'ana mseu waukulu wa ku Chipata. Ana analipo awili okha, iwo ndi mlongo wawo wamng'ono, Consolata.

Pogawana famuyo, a Daka monga mwana wamkulu ndiwo anayamba kusankha. Anatenga mbali ya kudambo, ya dothi lakuda, kumene nthochi zimabeleka popanda feteleza. Consolata anamusiyila kamtunda ka miyala kotsetseleka kulowela kumtsinje, kodzala mikuyu, misikizi ndi apusi, kumene khasu limangolila likamenya pansi. Mtima sunawagunde pochita zimenezi, chifukwa mwamuna wa Consolata anali Manuel, amene anabwela ali mnyamata kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anakulila ku Ukwimi pamodzi ndi anzake othawa kwawo, ndipo nkhondo itatha sanabwelele. Kwa a Daka, munthu wobwela ndi kathumba kumanja sanayenele kudandaula akapatsidwa miyala.

Manuel sanadandauledi. Ankakonza njinga m'mbali mwa mseu, Consolata n'kumaweta nkhuku, ndipo akakumana ndi a Daka ankavula kapu n'kupeleka moni wa ulemu: "Mwauka bwanji, alamu?" Masiku amenewo a Daka ankamukonda mlamu wawo. Nthochi zikapsa kwambili zosagulitsika, ankamutumizila mkoko wathunthu, n'kumauza anthu kutchalitchi kuti banja la mlongo wawo akulisunga ndi iwo.

Chaka china nyengo yozizila, pakhomo pa a Daka panaima motoka ya azungu awili okalamba, mwamuna ndi mkazi. Inkakoka kanyumba ka mawilo, kamene eni ake amati kalavani, ndipo wilo limodzi linkatuluka utsi. Anapempha malo oimika mpaka atapeza chitsulo china ku Petauke. A Daka anayang'ana matayala, anayang'ana mizele yawo ya tomato, napukusa mutu.

"Kuno kuli mbewu," anatelo. "Pitani uko ku miyala, kwa mlamu wanga. Kumeneko kulibe chimene mungaononge."

Mawu amenewo a Daka anadzawakumbukila kambili-mbili, ndipo nthawi zonse ankamva ngati adziluma lilime.

Chimene sankadziwa n'chakuti Manuel zinthu zimenezi anaziona ali mwana. Atate ake nkhondo isanafike ankasesa pa kampu ina m'mbali mwa nyanja yamchele kufupi ndi Beira, kumene anthu olemela ankasiya nyumba zawo zabwino kudzagona m'matenti pamchenga. Ankadziwa kuti anthu otele safuna zambili: mthunzi, madzi otentha, ndi kuti asavutitsidwe. Anasesa pansi pa mkuyu waukulu, anatenthetsa madzi m'dilamu, anazinga bafa ya bango. Consolata anawaphela nkhuku. Wilo linakonzeka, koma azunguwo sanafulumile kupita. Ankakhala pamwala ndi magalasi awo oonela patali, kuyang'ana mbalame.

"Mbalame!" anatelo a Daka kwa akazi awo, amai Jennipher, akuseka mpaka kutsokomola. "Kwawoko kulibe njiwa?"

Kuseka kunatha mamotoka ena atayamba kukhotela ku miyala. Okalamba aja anali ataika zithunzi pa intaneti. Kunabwela a makalavani, a matenti a pamwamba pa motoka, a njinga zamoto, ena opita kukaona nyama ku Luangwa, ena obwelela. Kenako kunayamba kubwela ngakhale mabanja a ku Lusaka sukulu zikatsekela. Manuel anaika kachikwangwani ka thabwa pamseu, anagula sola ya magetsi, anamanga mabafa ena. Miyala ija anangoisanja m'mbali mwa tinjila. Sanadule mtengo ngakhale umodzi.

M'malile mwa minda iwiliyo munali chulu chachikulu. A Daka anayamba kukwela pamenepo masana, ati kuyang'ana mbuzi, ngakhale mbuzi zinali kudambo. Ankaona matenti obiliwila ndi achikasu pansi pa mitengo imene iwo ankakwela ali mwana. Ankamva ana a alendo akuitana, "Manuel! Manuel!" ngati akuitana malume awo. Chimene chinkawapweteka kopambana chinali kuseka kwa Consolata, kumene kunkamveka mpaka pachulupo. Mlongo wawo sankaseka choncho kale.

Amai Jennipher nawo anayamba kupita kumeneko ndi beseni ya nthochi, ndipo ankabwelako mochedwa, pakamwa podzala nkhani.

"Atate ake Goodness, lelo kwabwela mzimai wa ku Jelemani, yekha-yekha pa njinga yamoto. Akuti wadutsa maiko..."

"Wakufunsani ndani?"

"Ndimangokuuzani."

"Nthochi zanga zili ndi msika wake pamseu. Sizifunika kukadyedwa ndi apusi."

Tsiku lina a Daka anamuimitsa Consolata panjila yochokela kutchalitchi. Anayamba ndi za mvula, kenako anafika pamene ankafuna. Anati kagawidwe ka famu kaja sikanayende bwino, anthu anali ndi chisoni, maganizo sanali m'malo, ndipo mikuyu ija atate awo ankaikonda kwambili, sikanayenela kukhala ya munthu mmodzi.

Consolata anawayang'ana m'maso. "Alongo, munasankha ndinu," anatelo. "Ine ndinangotola zimene munasiya."

Kuyambila tsikulo nthochi zakupsa zinasiya kupita ku miyala. A Daka anaganiza zotsegula kampu yawo, yoposa ya munthu wokonza njinga. Anazula nthochi zonse za m'mbali mwa mseu, amai Jennipher akulila. Anaitana gileda kudzasalaza malowo mpaka anakhala ngati bwalo la mpila. Mitengo imene inalipo anaigwetsa, ponena kuti azungu sakonda njoka ndi zinyalala. Anamanga zimbudzi za mabuloko zopaka penti ya buluu, kabawa, ndi sipika yaikulu ngati chitseko. Chikwangwani chawo chinali cha malata, chachitali kuposa munthu, ndipo anachizika patsogolo pa cha Manuel kuti wochokela ku Lusaka ayambe kuona chawo.

Manuel anabwela kudzaona. Anazungulila bwalolo, kapu ili m'manja. "Mwagwila ntchito, alamu," anatelo. "Koma mthunzi..."

"Ine sindinakufunseni za njinga," anayankha a Daka, ndipo Manuel anatsanzika.

Alendo oyamba anafika mu Okotobala, dzuwa likuphulitsa miyala. Linali banja lokoka kalavani yoyela. A Daka anathamanga atavala jekete, natsegula geti. Bamboyo anatsika, anaima pakati pa fumbi, anayang'ana kuno ndi uko dzanja lili pamphumi. Ana sanatsike n'komwe.

"Pano ndi pa Manuel?" anafunsa m'Chingelezi.

"Ayi, bwana. Manuel ndi mlamu wanga chabe. Kwake n'kwa miyala yokha-yokha, ndipo kuli apusi akuba. Amalowa mpaka m'tenti."

Ana aja atamva za apusi anayamba kudumpha-dumpha m'motoka, kukuwa ndi chimwemwe. Bamboyo anathokoza mwaulemu, anatembenuza kalavani yake pa bwalo lalikululo mosavutika, n'kukhotela ku miyala. A Daka anatsala atagwila geti, thukuta likutsika m'jekete. Ena obwela pambuyo pake anachitanso chimodzi-modzi. Bwalo lawo linasanduka pokhotela anthu osochela.

Mwaukali a Daka anatembenuza sipika ija kuyang'anitsa kumtsinje, n'kumaikweza madzulo kuti mbalame za Manuel zimveko nyimbo. Consolata sanabwele kudzadandaula, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa koposa. Amai Jennipher ndiwo anatopa, nazula waya n'kukaubisa m'nkhokwe.

Mvula ili pafupi, pageti panaima lole yonyamula simenti. Dilaiva wake, Jethro, munthu wamfupi wa ku Kabwe, anatsika akudziwongola msana. Anati watopa, ndipo m'mbali mwa mseu amaopa akuba mafuta. Anayang'ana bwalo losalala, geti lotakata, mpanda, bafa, kabawa.

"Mudala, malo ano munapangila ife," anatelo.

A Daka anafuna kumuuza kuti pano ndi pa alendo oona malo, osati pa malole. Koma pabwalo panalibe ngakhale nkhuku, ndiye analola. Jethro anauza anzake. Chaka chisanathe, madzulo alionse bwalo linkadzala malole opita ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambiki. Amai Jennipher analemba atsikana owathandiza kuphika. Kampu ya Manuel inkadikila nyengo, mvula ikagwa kunkakhala zii, pamene malole sadziwa dzinja kapena chilimwe. A Daka anamanga nyumba yatsopano, anagula kalole kawo kotengela nthochi ku Lusaka. Ku Nyimba anthu ankanena poyela kuti pa alamu awiliwo, wolemela ndi a Daka.

Munthu akanayesa kuti mtima wa a Daka ukhala pansi. Sunakhale. Madilaiva ankawaitana kuti mudala, ankataya mabotolo paliponse, ankadandaula kuti madzi sanatenthe, m'mawa n'kuliza injini osatsanzika. Panalibe amene anawafunsapo dzina la mtengo kapena mbili ya famuyo. Kwa Manuel alendo ankachoka akukumbatilana ndi Consolata, ena akulila, ndipo ankabwelanso chaka chinacho ndi ana atakula.

"Mukufunanso chiyani, atate ake Goodness?" anafunsa amai Jennipher tsiku lina, ataona amuna awo akuyang'anitsitsa kalavani imene inkadutsa pamseu. "Zonse muli nazo."

"Munthu uja anabwela ndi kathumba," anayankha a Daka. Amai Jennipher anapitiliza kusenda anyezi.

Mwana wawo Goodness, mphunzitsi ku Petauke, anapeza mwamuna, Febian, wogwila ntchito za ulimi kuboma. Zonse zinayenda bwino mpaka pa nkhani ya malo a phwando la ukwati. A Daka anali atakonza kale m'mutu: aletsa malole tsiku limenelo, akhoma tenti yaikulu pabwalo, anthu aone.

"Atate," anatelo Goodness atagwada, "ife timafuna phwando likhale kwa anti Consolata, pansi pa mikuyu."

"Pano pavuta chiyani? Pano pakwana mudzi wonse!"

"Fumbi, atate. Ndi fungo la dizilo. Dilesi langa ndi loyela."

"Dizilo ameneyo ndi amene anakuphunzitsa ku koleji."

"Ndikudziwa, atate. Koma ndakhala ndikulakalaka kumeneko kuyambila kale."

Mawu akuti kuyambila kale ndi amene anawalasa. Analengeza kuti kutchalitchi apita, koma ku miyala sapondako. Tsikulo litafika, amai Jennipher anawasitila suti, naima pakhomo mpaka amuna awo anaivala.

Kanali koyamba a Daka kulowa m'kampu ya mlamu wawo kuchokela pamene inatsegulidwa. Ankayembekezela kupeza zolakwika, ndipo anazifunafuna. Koma pansi pa mikuyu panali pozizila ngati m'mawa, msipu unali wofewa, mtsinje unkamveka pansi pa miyala. Alendo a matenti amene analipo anabwela kudzavina nawo, opanda nsapato. Manuel, tsitsi litachita imvi, anawatsogolela kumpando wa kutsogolo, ndipo polankhula kwa anthu anati, "Malo ano ndi a atate awo a alamu angawa. Ine ndimangosesapo." Anthu anaomba m'manja akuyang'ana a Daka. Iwo anagwedeza mutu ngati mwini malo weniweni, koma nsanje inawagwila, chifukwa ngakhale kudzichepetsako Manuel anakuchita bwino kuposa mmene iwo akanachitila. Pobwelela kunyumba anangouza akazi awo kuti nkhuku inachuluka mchele.

Patapita milungu, Goodness anabweletsa chithunzi chachikulu cha mu felemu: iye ndi Febian pakati, makolo m'mbali, kumbuyo mizu ya mkuyu itakumbatila mwala ndi madzi akunyezimila. A Daka anaoneka bwino pachithunzipo, wamtali kuposa onse, ndiye anachikhoma m'bawa pamwamba pa filiji.

Jethro ndiye anayamba kuchiona. Anaima ndi botolo m'manja, mutu utapendekeka.

"Mudala, kumeneku n'kuti? Ku Livingstone?"

"Pa famu pathu pomwe pano," anatelo a Daka.

"Ah! Mbali iti?"

"Kuseli uko."

"Ana anga sanagonepo m'tenti," anatelo Jethro. "Sukulu zikatsekela ndifuna ndiwabweletse pamodzi ndi amai awo. Amene amayang'anila kumeneko nambala yake muli nayo?"

"Alibe foni," anayankha a Daka, nayamba kupukuta tebulo limene linali loyela kale.

Amai Jennipher anasuzumila pa kazenela ka kukhichini, manja ali ndi ufa, natchula nambala ya Manuel yonse pamtima, pang'ono-pang'ono kuti Jethro aisunge m'foni. A Daka anatenga chipewa chawo n'kutuluka panja, kukakalipila dilaiva wina amene anaimika lole mokhota.